Uthenga Udzera Kuti? Nthambo za Magetsi ndi Mafunde a Wailesi pa Sukulu za ku Mulanje

Mphunzitsi amene akutuluka m'koleji masiku ano akukapeza pa sukulu zina zinthu zimene aphunzitsi ake a ku pulayimale sanaziganizepo. Mwina akapeza kompyuta imodzi mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, mwina makompyuta khumi operekedwa ndi abwenzi a sukuluyo, mwinanso kabokosi kokhala ndi timagetsi tophethira, kotchedwa rauta, kamene kamakoka intaneti kuchokera ku nsanja ya lamya. Tsono popeza mphunzitsi watsopanoyo ndiye wamng'ono pa onse, ndipo anthu amayesa kuti aliyense wobadwa posachedwapa amadziŵa za makina, sipapita mwezi asanamuitane ndi kumufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi intaneti imene ili mu ofesi muno tingaifikitse bwanji ku chipinda chophunziriramo chili apocho?" Funso limeneli likudikira ambiri a inu, ndipo ndi bwino kuti likakupezeni mutaliganizirapo kale.

Ogulitsa zipangizo ku Limbe ndi ku Blantyre amayankha funsoli m'njira ziŵiri. Ena amati palibe chovuta, uthenga uuluke m'mlengalenga pa mafunde a Wi-Fi monga momwe mau a wailesi amaulukira. Ena amati nyumba imene ili ndi magetsi ili kale ndi nthambo m'makoma mwake, choncho mugule tizipangizo tiŵiri totchedwa maadaputala a Powerline, kamodzi mukaloŵetse pa soketi ya mu ofesi, kena pa soketi ya m'kalasi, ndipo uthenga udzayenda m'nthambo zomwezo zimene zimayatsa getsi. Onse aŵiri sanama, pakuti njira zonsezi zimagwira ntchito. Chimene wogulitsa sanganene, chifukwa sanafikepo pa sukulu yanu, ndicho chakuti pa njira ziŵirizi iti imene ingapirire pa malo anuwo.

Ine maganizo anga ndi akuti njira iliyonse ili ndi chimene imatsamirapo, ndipo mphunzitsi wanzeru amayamba wayang'ana chotsamirapocho asanayang'ane mtengo kapena dzina la chipangizo. Njira ya nthambo imatsamira pa magetsi ndi pa luso la mmisiri amene anayala nthambozo. Njira ya mafunde imatsamira pa makoma, pa denga ndi pa mtunda. Amene wadziŵa ziŵirizi angathe kulangiza komiti ya sukulu moona, ndipo ndalama zochepa zimene makolo asonkha, kapena zimene boma lapereka zotukulira sukulu, sizidzathera pa chinthu chokagona m'kabati.

Tiyambe ndi nthambo. Magetsi amene amafika m'nyumba zathu m'Malaŵi muno ndi a mphamvu ya mavoti 230, ndipo amasinthasintha, kupita ndi kubwerera, maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Kusinthasintha kumeneku ndi kwa pang'onopang'ono tikakuyerekeza ndi kumene nthambo ya kopa ingathe kunyamula. Motero adaputala ya Powerline imaika pamwamba pa magetsiwo timafunde tina tofooka koma tofulumira kwambiri, togwedezeka maulendo mamiliyoni 2 mpaka 30 pa sekondi, ndipo m'zipangizo zatsopano kuposerapo. Getsi, ayironi ndi ketulo sizimva timafunde timeneti, koma adaputala inzake ya ku chipinda china imatitola ndi kutisandutsanso uthenga umene kompyuta ingaŵerenge. Zili ngati mtsinje wa Likhubula umene ukuyenda ulendo wake, wina naponyamo masamba olembedwa kuti mnzake akaŵatole kumunsi. Madziwo sadziŵa kuti anyamula kalata.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Makampani a magetsi ku Ulaya ndi ku Amereka anayamba kutumiza mau a lamya pa nthambo zao zazikulu m'zaka za m'ma 1920. M'chaka cha 1975 akatswiri a ku Scotland anapanga njira yotchedwa X10 yoyatsira ndi kuzimitsira zipangizo za m'nyumba kudzera m'nthambo za magetsi. Njira yolumikizira makompyuta yotchedwa HomePlug inatuluka m'chaka cha 2001, ikunyamula mamegabiti 14 pa sekondi, ndipo ya m'chaka cha 2005 inafika pa mamegabiti 200. M'chaka cha 2010 bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE linakhazikitsa muyeso wa njira imeneyi wotchedwa 1901. Ndatchula zaka zimenezi kuti muone kuti chipangizochi chinayesedwa mokwanira. Koma chinayesedwa makamaka m'nyumba za m'maiko amene magetsi sazimazima, ndiponso kumene nyumba imodzi ili ndi mita imodzi ndi nthambo zoyalidwa motsata malamulo.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Khoma likhale lochindikala chotani, uthenga sulimbana nalo chifukwa ukudzera m'kati mwake. Simuboola njerwa, simukumba ngalande, simuitana mmisiri. Pa nyumba zakale za mishoni ndi za m'minda ya tiyi kuno ku Mulanje, zimene makoma ake ndi a njerwa zootcha zosanjikiza kaŵiri, ubwino umenewu si wochepa.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choyamba, timafunde tija timayenda bwino pokhapokha masoketi aŵiriwo ali pa banja limodzi la nthambo. Sukulu zathu zambiri sizinamangidwe nthaŵi imodzi. Mdadada wina unamangidwa ndi mpingo, wina ndi boma, wina ndi makolo okha, ndipo magetsi anafika pa midadada imeneyi zaka zosiyana, kudzera mwa amisiri osiyana. Kaŵirikaŵiri ofesi ili ndi mita yake, nyumba za aphunzitsi zili ndi mamita aoao. Uthenga ukafika pa mita umafooka kwambiri, ndipo pa thiransifoma suoloka konse. Pa sukulu zazikulu pamene magetsi amaloŵa m'nthambi zitatu, zimene amisiri amati three phase, soketi ya mu ofesi ingakhale pa nthambi ina, ya m'kalasi pa nthambi ina, ndipo maadaputala aŵiriwo adzamvana movutikira ngati anthu olankhulana tsidya ndi tsidya la mtsinje wodzaza.

Chachiŵiri ndi phokoso. Sindikunena phokoso lomveka m'makutu, koma chisokonezo chimene zipangizo zina zimabwezera m'nthambo. Machaja otchipa a lamya za m'manja, firiji yakale, pampu ya madzi ndi mababu ena osunga magetsi zimatulutsa timafunde tao tosalongosoka timene timaphimba uthenga. Polumikizira nthambo pamene pachita dzimbiri, chinthu chofala m'dera la mvula yambiri ndi chiperoni ngati lathu lino, pamadyanso mphamvu ya uthengawo. Chifukwa chake adaputala yomweyo ingathamange m'maŵa, masana niyamba kukwaŵa, popanda munthu wakhudzapo.

Chachitatu chikukhudza mphenzi. Aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri lino amadziŵa mabingu a miyezi ya dzinja, ndipo sukulu yosamala imaloŵetsa makompyuta ake pa ekisitenshoni yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu. Tsono chotetezacho ntchito yake ndi kusefa chilichonse chachilendo chimene chili m'nthambo, ndipo timafunde ta uthenga timasefedwa pamodzi ndi zoipazo. N'chifukwa chake opanga maadaputala amalangiza kuti aloŵetsedwe pa soketi ya pa khoma penipeni. Mukatero uthenga uyenda, koma adaputalayo yakhala pa mtetete.

Chachinayi ndicho chachikulu koposa. Adaputala imadya magetsi a pa soketi yomwe yaloŵetsedwapo, kotero kuti magetsi akazima, njira yonse yafa pomwepo, ngakhale laputopu ya mphunzitsi ili ndi batire lodzaza. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, pamene makina oyamba anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kwa maola ambiri kunapitirira koposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mapolo ndi kukokolola milatho kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, kuonjezera pa miyoyo yambiri imene inatayika. Sitiyembekeza kuti zoterezi zizichitika chaka ndi chaka, koma amene akukonza za sukulu ayenera kuŵerengera masiku oipa pamodzi ndi abwino.

Tsopano tione mafunde. Wi-Fi ndi wailesi ndithu, kungoti ndi wailesi ya mphamvu yochepa imene imalankhula ndiponso imamvera. Muyeso wake woyamba, wotchedwa 802.11, unatuluka m'chaka cha 1997 ukunyamula mamegabiti 2 okha pa sekondi, ndipo dzina lakuti Wi-Fi linayamba kumveka m'chaka cha 1999. Marauta ambiri amene mudzaŵapeza pa sukulu amaulutsa pa magulu aŵiri a mafunde. Gulu loyamba limagwedezeka maulendo mabiliyoni 2.4 pa sekondi, ndipo funde lake limodzi ndi lotalika masentimita pafupifupi 12. Gulu lachiŵiri ndi la maulendo mabiliyoni 5, funde lake masentimita 6. Lachiŵirili limanyamula uthenga wambiri koma limatopa msanga likakumana ndi khoma. Loyambalo limafika patali ndithu koma limanyamula wocheperapo. Mphunzitsi wodziŵa kusiyana kumeneku angathe kuchiritsa madandaulo ambiri pongosintha gulu limene kompyuta yakutali ikumvera.

Adani a mafunde ndi amene timanga nawo sukulu zathu. Khoma limodzi la njerwa zootcha limadya gawo lalikulu la mphamvu yake, makoma atatu amaitha pafupifupi yonse. Konkire yokhala ndi zitsulo m'kati ndi yoipa koposa. Malata salola mafunde kudutsa koma amaŵabweza, monga kalilole amabwezera kuŵala, ndipo kabati yachitsulo imene mphunzitsi wamkulu amatsekeramo rauta poopa akuba imachita chimodzimodzi. Madzi nawonso amamwa mafunde ameneŵa, kotero kuti mitengo ya masamba onyowa pakati pa midadada iŵiri, ngakhalenso matupi a ana makumi asanu ndi atatu odzaza m'kalasi, zimachepetsa mphamvu yake. Ndiponso onse olumikizidwa pa rauta imodzi amagaŵana mpata womwewo, ngati anthu otunga pa mjigo umodzi. Akachuluka, aliyense amadikira.

Komabe njira ya mafunde ili ndi mphamvu imodzi imene kwa ife kuno ndi yolemera kuposa zofooka zake zonse. Rauta imadya magetsi ochepa kwambiri, ofanana ndi a babu limodzi laling'ono, ndipo marauta ambiri amayendera mavoti 12 kapena ocheperapo. Batire limodzi lodzazidwa ndi sola lingathe kuiyendetsa tsiku lonse la sukulu. Magetsi a m'mapolo akazima, rauta, laputopu ndi lamya za m'manja zimapitiriza kulankhulana. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa mabanja khumi a m'dziko lino, pafupifupi limodzi lokha ndilo linkaunikira ndi magetsi a m'mapolo. Sukulu zambiri kumene mudzatumizidwa zilibe nthambo m'makoma konse, ndipo kumeneko nkhani ya Powerline siyambika n'komwe.

Wina angafunse za malo amene ali ndi magetsi aoao. Ku Bondo, kum'mwera kwa phiri, bungwe la MEGA linayamba m'zaka za m'ma 2010 kupanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya ndi kuŵagaŵira midzi yozungulira. Sukulu zina zili ndi masola ndi invetala yosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a pa soketi. Pa malo otere funso silisintha. Muyenera kudziŵabe ngati masoketi aŵiriwo ali pa nthambo imodzi, ndiponso kukumbukira kuti invetala yotchipa imatulutsa magetsi a phokoso amene adaputala sikondwera nawo.

Ndikuchenjezeninso za manambala olembedwa pa bokosi. Mukaona 600 kapena 1200 pa bokosi la adaputala kapena la rauta, nambala imeneyo ndi ya liŵiro limene chipangizocho chingafike pa malo oyesera, pamene palibe khoma, phokoso kapena dzimbiri. M'nyumba yeniyeni liŵiro limatsika kwambiri. Ndiponso ngakhale njira ya m'kati mwa sukulu itathamanga chotani, singapitirire liŵiro la intaneti imene ikuloŵa pa khomo kuchokera ku nsanja ya TNM kapena ya Airtel. Kukulitsa mpopi wa m'nyumba sikuonjezera madzi ngati chitsime chili chaching'ono.

Ntchito yanga imanditengera ku sukulu zosiyanasiyana kukaona ophunzira athu pamene akuyeserera kuphunzitsa, ndipo pa sukulu ina ya kufupi ndi minda ya tiyi ndinaona chinthu chimene ndikufuna kuti muchitsanzire. Komiti inali itagaŵikana, ena akufuna maadaputala, ena akufuna rauta yachiŵiri. Wophunzira wathu wina wamkazi, amene sanali katswiri wa makompyuta ayi, anapempha mlungu umodzi asanayankhe. Anatenga pepala najambula mapu a sukulu yonse. Anayenda ndi lamya yake kuchokera pa khomo la ofesi, akuŵerenga mapazi ndi kulemba pamene timizere ta Wi-Fi tikuchepera ndi pamene tikutheratu. Anafunsa mlonda, amene anakhala pa sukulupo zaka zambiri kuposa aphunzitsi onse, kuti magetsi anafika liti pa mdadada uliwonse, ndipo anapeza kuti ofesi ndi kalasi imene ankafuna kuilumikiza zili pa mamita osiyana. Anapezanso kuti rauta inali pansi, kuseri kwa kabati. Ataikweza pamwamba pafupi ndi zenera loyang'anana ndi kalasiyo, mafunde anafika. Pamsonkhano anati, "Makolo anga, ndalama zimene munafuna kugulira zipangizo tigulire batire, chifukwa vuto lathu lalikulu ndi kuzima kwa magetsi." Akuluakulu aja anamumvera chifukwa anali ndi pepala m'manja losonyeza zimene anayeza yekha.

Pa sukulu ina yankho likadakhala losiyana. Nyumba yakale ya makoma ochindikala, ya mita imodzi, ya nthambo zabwino, pamene ofesi ndi laibulale zalekanitsidwa ndi zipinda zinayi, ndi malo amene adaputala ingapambane rauta kutalitali. Alipo maadaputala ena amene ku mapeto kwake amaulutsanso Wi-Fi, kotero kuti uthenga umadzera m'nthambo kupyola makoma, ukafika m'chipinda nuuluka. Apa njira ziŵirizi zimathandizana, monga munthu amakwera basi kufika pa Chitakale, kenaka n'kukwera njinga ya kabaza kukafika kumudzi.

Musaiŵale kuti pali njira yachitatu, yosatchuka chifukwa ilibe chodabwitsa. Iyi ndi nthambo yakeyake ya makompyuta, yotchedwa Ethernet, imene imanyamula uthenga mokhulupirika mpaka mamita 100. Imafuna ntchito yoboola khoma ndi kuikhomera bwino, koma ikaikidwa sisamala za njerwa, za chaja kapena za mita. M'kati mwa mdadada umodzi palibe njira yoiposa. Pakati pa midadada iŵiri muyenera kufunsa mmisiri wodziŵa, chifukwa nthambo ya kopa yolendeŵera panja m'dera la mphenzi ingaloŵetse ngozi m'kalasi.

Ndiponso nthaŵi zina funso lenileni ndi lakuti kodi kalasiyo ikufunadi intaneti. M'chaka cha 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT yopereka matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aziphunzirapo kuŵerenga ndi masamu. Maphunzirowo ali kale m'kati mwa tabuleti, ndipo matabuletiwo amadzazidwa ndi mphamvu ya dzuŵa. Ziliponso nkhokwe za mabuku monga Kolibri ndi Kiwix zimene zimasungidwa m'kakompyuta kamodzi kakang'ono, kamene kamagaŵira ana a m'chipindamo kudzera pa Wi-Fi popanda kugula bandulo. Amene anakonza zimenezi anayamba afunsa kuti sukulu ya kumudzi ingatsamire pa chiyani, ndipo anapeza kuti dzuŵa ndilo silipempha mayunitsi.

Tsono mukadzafunsidwa, musafulumire kutchula dzina la chipangizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwafunsa kuti ndi ndani adzagwiritsa ntchito njirayo, ndi anthu angati, ndipo pa ntchito yanji, pakuti kutumiza malipoti ku ofesi ya maphunziro ya boma kamodzi pa mlungu n'kosiyana ndi kuonetsa kanema wa sayansi kwa kalasi yonse. Kenaka ŵerengani mamita a magetsi ndi kudziŵa zipinda zimene mita iliyonse imadyetsa. Ŵerengani makoma amene ali pakati pa ofesi ndi chipinda chimene mukufuna, ndi kuona kuti anamangidwa ndi chiyani. Lembani m'kope, kwa milungu iŵiri, maola amene magetsi azima nthaŵi ya sukulu. Pomaliza, ngati n'kotheka, bwerekani chipangizo kwa mnzanu kapena pemphani wogulitsa kuti muchiyese pa malopo musanalipire. Safunsa anadya phula.

Pa zonsezi pali malire amene simuyenera kuŵadumpha. Mphunzitsi angathe kuloŵetsa pulagi pa soketi, koma kutsegula soketi, kulumikiza nthambo kapena kugwira m'bokosi la mafyuzi ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso. Mavoti 230 amapha. Soketi yosweka, yakuda ndi utsi kapena yogwedera iyenera kutsekedwa kuti ana asaifike, ndipo mphunzitsi wamkulu auzidwe tsiku lomwelo. Mabingu akayamba, zulani zipangizo zonse pa khoma. Ndiponso njira iliyonse imene mwasankha itsekedwe ndi mau achinsinsi, chifukwa mafunde saima pa mpanda wa sukulu, ndipo bandulo ya mwezi wonse ingathe m'masiku atatu ndi anthu okhala pa msika.

Popeza magazini ino ndi ya za kaphunzitsidwe, ndifuna kuti muone kuti nkhani imeneyi ndi phunziro lokoma la sayansi kwa ana a Sitandade 7 ndi 8, ndipo silifuna kompyuta ngakhale imodzi. Tengani zitini ziŵiri zopanda kanthu, muziboole pansi ndi kuzilumikiza ndi ulusi wautali. Mwana mmodzi alankhule m'chitini, wina amvere ku mapeto, ulusi uli wokoka. Kenaka mwana wachitatu agwire ulusiwo pakati, ndipo mau adzatha. Wina amange mfundo yolendeŵera kapena akhudzitse ulusi ku nthambi ya mtengo, ndipo mau adzasokonezeka. Afunseni anawo kuti uthenga unadzera kuti, ndipo chinauletsa n'chiyani. Akayankha okha, amvetsa njira ya nthambo ndi zofooka zake.

Tsiku lotsatira bwerani ndi kawailesi ka mabatire. Katseguleni, mukaike m'poto wachitsulo ndi kuvundikira bwino, ndipo ana adzamva mau a muulutsi akusanduka phokoso kapena kuzimiratu. Kaikeni m'dengu kapena m'katoni, ndipo siteshoni idzamvekabe bwino. Apa aona ndi maso ao kuti chitsulo chimatchinga mafunde pamene nsungwi ndi pepala sizitero. Ngati sukulu ili ndi rauta, gaŵani ana m'magulu, gulu lililonse liyeze mbali yake ya bwalo ndi kujambula mapu osonyeza pamene mafunde ali amphamvu, ofooka ndi pamene palibe. M'ntchito imodzi imeneyi muli kuyeza kwa masamu, kujambula mapu ndi kulemba lipoti m'Chicheŵa kapena m'Chingerezi. Koposa zonse, mwana amaphunzira kuti chinthu chosaoneka ndi maso chili ndi malamulo amene iye mwini angathe kuŵafufuza, ndipo mantha akuti makina ndi matsenga a anthu akunja amayamba kumuchoka.

Aphunzitsi akale amene anaphunzitsapo ndi wailesi amadziŵa kale zimene ndikunenazi. MBC itayamba m'chaka cha 1964, mapologalamu a sukulu anakhala mbali ya ntchito yake, ndipo mphunzitsi wa kumudzi ankasonkhanitsa ana mozungulira wailesi imodzi. Wanzeru ankadziŵa kuti phunziro lake latsamira pa mabatire, choncho ankaŵayesa dzulo lake, ndipo ankakhala atakonza zoti achite ngati mau a muulutsi atazilala pakati pa phunziro. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana ambiri a kumudzi amene anapitiriza kumva phunziro analimva pa wailesi yomweyo, chifukwa ndiyo inali m'nyumba zao. Zipangizo zasintha, koma udindo wa mphunzitsi wodziŵa chimene phunziro lake latsamirapo sunasinthe.

Motero pa chikonzero chanu cha phunziro, pa mzere wa zipangizo zophunzitsira, mukalemba kuti mudzagwiritsa ntchito kompyuta kapena intaneti, lembaninso pansi pake zimene mudzachite magetsi akazima kapena mafunde akakana. Kanema amene mukufuna kuonetsa mumukopere m'laputopu dzulo lake. Chithunzi chimene chili pa intaneti muchijambulenso pa tchati. Mphindi 35 za phunziro ndi zochepa, ndipo ana makumi asanu ndi atatu sayenera kuzitaya akuyang'ana mphunzitsi wao akulimbana ndi pulagi. Ndikadzabwera kudzakuonani m'kalasi chaka chamaŵa, mzere umenewo ndiwo ndidzayambe kuuŵerenga.